Nyumba ya banja imasankhidwa ndi mapazi

Kalata yosamutsa munthu pa ntchito siipereka mpata wolingalira. Imatchula tsiku loti mukaonekere ku ofesi yatsopano, n'kuthera pomwepo. Siifunsa ngati ana ali pakati pa teremu, ngati mayi ali ndi benchi yawo pamsika, kapena ngati agogo amene mumakhala nawo amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi pa chipatala chapafupi. Zonsezi zimatsalira eni banja, ndipo kawirikawiri amazikonza mothamanga, katundu ali kale m'makatoni.

Mwambo wake timaudziwa tonse. Amene wasamutsidwayo, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, amatsogola yekha. Amafikira kwa mbale wake, ndipo Loweruka loyamba dobadoba amamutenga pa galimoto kukamuonetsa nyumba zitatu kapena zinayi. Amaona mpanda wanjerwa, geti lachitsulo, matailosi pansi, siling'i yoyera ndi bafa la m'nyumba momwemo. Mtima umakhala m'malo. Landilodi akuti alipo anthu ena awiri amene akuifunanso nyumbayo, choncho lendi ya miyezi itatu iperekedwe lero lomwe. Ndalama zimatuluka, ndipo madzulo foni imalira ku Blantyre kapena ku Mzuzu: nyumba yapezeka, ndi yokongola, yambani kulongedza.

Chodabwitsa n'chakuti wosankha nyumbayo ndiye amene adzakhalemo nthawi yochepa kuposa onse. Iye amatuluka m'mamawa nabwerera dzuwa litalowa, ndipo dera lonselo amalidziwira pa zenera la galimoto kapena la minibasi. Amene adzalidziwe ndi mapazi ndi ena: mwana wa Sitandade 2 wonyamula chikwama cha mabuku, mtsikana wotumidwa mchere ndiwo zili pamoto, mayi wopita kuchigayo ndi thumba pamutu, wobereka khanda kupita nalo kusikelo, agogo ofuna kukapemphera Lamulungu m'mawa. Banja limagona m'nyumba, koma tsiku lake lonse limathera m'njira zimene limayenda. Nchifukwa chake ndikuti, okondedwa awerengi, musanalipire lendi tsikani m'galimotomo, muyende wapansi, ndipo muyende ndi liwiro la munthu wofooka kwambiri wa m'banja mwanu.

Tiyeni titenge Lilongwe, poti ndiko kumene ambiri a ife timasamutsidwira. Mzindawu unakhala likulu la dziko mu 1975, m'malo mwa Zomba. Bingu wa Mutharika atalowa m'boma mu 2004 analimbikitsa kuti nduna ndi maofesi a boma amene anali atatsalira ku Blantyre asamukire ku likulu, ndipo mu 2010 Nyumba ya Malamulo yatsopano inatsegulidwa komweko. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, kuposa 800,264 a mu Blantyre. Ambiri mwa anthu amenewa anachita kubwera, ndipo aliyense tsiku lina anaima pamphambano n'kudzifunsa kuti akakhale kuti.

Munthu wochokera ku Zomba ndiye amadabwa kwambiri. Kwawoko msika, chipatala, mabanki, matchalitchi ndi sukulu zili moyandikana, kotero kuti munthu angathe kuthetsa zochita za tsiku lonse osakwera kanthu. Lilongwe anamangidwa ndi maganizo ena. Amene anajambula mapulani ake kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, mothandizidwa ndi ndalama ndi akatswiri ochokera ku South Africa, ankafuna mzinda wotambasuka, wa mitengo ndi malo opanda nyumba pakati pa dera ndi dera. Mzindawu unagawidwa m'zigawo zinayi zotalikirana: tauni yakale, Capital Hill kumene kuli maofesi a boma, Kanengo wa mafakitale ndi okushoni ya fodya, ndi Lumbadzi kufupi ndi bwalo la ndege. Pa pepala zinali zokongola, ndipo kwa wokhala ndi galimoto n'zokongolabe. Kwa woyenda wapansi, mipata ija ndi mitunda.

Ngakhale manambala a madera amasocheretsa mlendo. Wina angayese kuti Area 24 ndi Area 25 n'zoyandikana monga mwana ndi mng'ono wake. Ayi ndithu: Area 24 ili kumwera, Area 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo, ndipo wochoka kwina kupita kwinako amadutsa mzinda wonse. Choncho dobadoba akanena kuti nyumba ili pafupi ndi tauni, funsani kuti tauni yake iti, ndiponso kuti kufupi kwakeko akukuyeza ndi mafuta kapena ndi thukuta.

Muyeso wake si wovuta. Munthu wamkulu wathanzi amayenda makilomita pafupifupi 5 pa ola, kutanthauza kuti pa mphindi 15 amayenda kilomita imodzi ndi pang'ono. Mwana wa zaka 6 kapena gogo wa ndodo safika pamenepo. Imani pa geti la nyumba imene mwaikondayo, muyang'ane nthawi, muyambe kuyenda. Mphindi 15 zikatha mwadutsa chiyani? Ngati mwaona sukulu ya pulayimale, kamsika ka matimati ndi usipa, golosale, chigayo, pokwerera minibasi ndi nyumba yopemphereramo, derali lili ndi mtima wake, ndipo banja lingathe kukhalamo popanda kudalira thumba la bambo pa kalikonse. Ngati mwangoona mipanda, mageti ndi agalu okuwa m'kati, dziwani kuti sopo akatha pakhomopo padzafunika ulendo.

Kunja kwa dziko lino anthu ophunzira akhala akuikamba kwambiri nkhaniyi. Pulofesa Carlos Moreno wa ku Paris anatchuka ndi ganizo lakuti munthu wa mumzinda azipeza zofunika zake zonse pa mtunda wa mphindi 15 wapansi kapena pa njinga, ndipo Anne Hidalgo analitenga ganizoli pa kampeni yake ya umeya wa mzindawo mu 2020. Munthu wa ku Ndirande kapena ku Kawale akamva zimenezi angathe kuseka pang'ono, poti iye wakhala akuchita zomwezo kuyambira kale osadziwa kuti zili ndi dzina. Chimene ife chikutisowa si kuyandikana kwa zinthu kokha, koma ngalande zabwino, nyali za mumsewu, ndi kanjira ka oyenda pansi kosalimbirana ndi galimoto.

Pa nkhani ya mtima wa dera, madera a Lilongwe amasiyana kwambiri, ndipo kusiyanako sikutsatira kukwera kwa lendi. Kumayadi, monga ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kuli bata, mitengo ndi mabwalo aakulu oti ana azithamangamo. Koma malowa anawakonzera mabanja a galimoto, mwinanso ziwiri. Minibasi sizilowa m'misewu yambiri ya kumeneko, ndipo munthu angathe kukhala zaka zitatu osadziwa dzina la wokhala kuseri kwa mpanda wake. Oyenda wapansi amene mumakumana nawo m'mawa ambiri ndi antchito ndi alonda ochokera ku Kauma ndi madera ena oyandikana nawo. Banja limene kampani yalipatsa nyumba kumeneko koma galimoto n'limodzi, lomwe limachoka ndi bambo m'mamawa, limasiya mayi ndi ana ali m'khola lokongola.

Mbali inayo kuli Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde ndi Area 23. Kumeneko chilichonse chili pakhomo. Wokhala ku Biwi kapena ku Mchesi angathe kupita kumsika waukulu ndi kudepoti wapansi, ndipo chipatala cha Bwaila sichili kutali. Mwana akadwala usiku, khomo loyandikana nalo limatseguka msanga. Mtengo wake ndi kuthithikana: mabanja angapo pa puloti imodzi, mpopi umodzi, nthawi zina mita imodzi ya magetsi imene imabala mikangano mwezi uliwonse, ndi phokoso losatha. Si banja lililonse lingapirire zimenezi, ndipo sindikunena kuti umphawi wa malo ndi dalitso. Ndikungoti amene amanyoza madera amenewa asanawayende amataya mwayi wopeza nyumba yabwino, ya mpanda wake, imene ili pa mtunda wa mphindi 10 kuchokera ku zonse zimene banja limafuna. Nyumba zoterozo zilipo ndithu.

Pakati pa awiriwa pali madera monga Area 18, Area 47, Area 49 ndi Area 25. Area 18, imene nyumba zake zambiri zinamangidwira anthu ogwira ntchito m'boma, ndi chitsanzo cha dera limene linaganiziridwa bwino: misewu yaifupi, nyumba zoyang'anana, sukulu, misika, chipatala chaching'ono ndi matchalitchi zonse zili m'kati momwemo, ndipo Capital Hill sali kutali. Nchifukwa chake nyumba zake n'zazing'ono ndi zakale koma sizikhalitsa zopanda munthu. Area 25 ili ngati tauni payokha, ya msika wake wa Nsungwi, chipatala chake ndi koleji ya aphunzitsi. Wogwira ntchito ku Kanengo ali pabwino, koma wogwira ntchito ku tauni yakale adzaudziwa bwino msewu wa M1 m'mawa ndi madzulo. Ku Area 47 ndi Area 49 zimatengera mbali imene mwapeza nyumba. Mwina muli pafupi ndi kamsika ndi siteji, mwina muli kumapeto kwenikweni kumene msewu wa tala unakana kufika. Dzina la dera silokwanira. Pitani mukaone khomo lenilenilo.

Tsopano nkhani imene ndikufuna tiikhalire pansi ndi ya msewu umene mwana adzawoloke. Sukulu ingathe kukhala pafupi, mpaka belu lake kumamveka pakhomo, koma ngati pakati pake padutsa msewu waukulu, sukuluyo ili kutali. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti ngozi zapamsewu ndizo zimapha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa china chilichonse. Limanenanso kuti galimoto likawonjezera liwiro kuchoka pa makilomita 50 kufika pa 65 pa ola, chiopsezo choti woyenda pansi amene lamuomba afe chimakwera kanayi ndi theka. Kusiyana kwa 50 ndi 65 dalaivala sakumva n'komwe ku phazi lake.

M'zaka zapitazi misewu ikuluikulu ya mu Lilongwe yakuzidwa. Pa Area 18 panamangidwa mlatho wa misewu yodutsana pamwamba ndi pansi, ndipo msewu umene ambiri timaudziwa ndi dzina la Kenyatta unakhala wa mizere isanu ndi umodzi. Oyendetsa galimoto akuyamikira, ndipo ali ndi chifukwa. Koma msewu wotakata umaitana liwiro, ndipo mwana wamng'ono sadziwa kuyeza kuthamanga kwa galimoto limene likubwera. Iye amaona kuti lili patali, basi n'kuyamba kuthamanga. Onjezanipo njinga zamoto za kabaza, zimene zimatulukira kumene simukuyembekezera, zina zitanyamula ana atatu a yunifolomu opanda chipewa choteteza mutu ngakhale chimodzi. Kholo limene lasankha nyumba ya kutsidya kwa msewu wotere lasankhanso chimodzi mwa ziwiri: kumuperekeza mwanayo tsiku lililonse kwa zaka zingapo, kapena kumukweza pa kabaza n'kumadikira ndi mtima uli m'mwamba mpaka atabwerako.

Choncho yendani njira ya kusukuluyo nthawi imene ana amaiyenda, cha m'ma 7 koloko m'mawa, pa tsiku la sukulu. Onani ngati pali ana ena amene amachokera mbali yanuyo, poti mwana woyenda m'gulu amaoneka msanga kwa dalaivala, ndipo wachipongwe amaopa gulu. Onani ngati njirayo ikudutsa m'munda wa chimanga umene mu Febuluwale udzakhale wotalika kuposa munthu, kapena pa nyumba yosatha kumangidwa imene mumakhala anyamata osadziwika. Kwa mwana wamkazi zimenezi si nkhani yaing'ono. Mukafika pasukulupo lowani mu ofesi ya ahedi, mufunse ngati malo alipo ndi kuchuluka kwa ana m'kalasi. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, sukulu za boma za m'tauni zimadzaza kwambiri, ndipo n'kwabwino kudziwiratu musanabweretse katundu.

Pali chinyengo china chimene sichichokera kwa dobadoba koma ku kalendala. Chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, choncho mabanja ambiri amakonda kusamuka mu Ogasiti. Imeneyo ndi nthawi ya chilimwe, pamene dambo lililonse limaoneka ngati bwalo lampira ndipo kamtsinje kalikonse mwana amakalumpha. Mvula ikabwera mu Disembala, malo aja amaulula zimene anabisa. Anthu a ku Mtandire sanaiwale Febuluwale wa 2017, pamene mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kugwetsa nyumba. A ku Blantyre akukumbukira Malichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala ya phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Ambiri mwa amene anavutikawo analibe kwina kopita, ndipo sitingawaloze chala. Koma inu amene muli ndi mpata wosankha, werengani zizindikiro. Mzere wa dothi pa khoma lakunja umasonyeza pamene madzi anafika. Matumba a mchenga osanjikizidwa pa geti sanawaike kuti akongoletse. Bango ndi nthochi zobiriwira bwino mu Ogasiti zikukuuzani kuti madzi ali pafupi pansipo. Kamlatho ka matabwa ka panjira ya kusukulu kafunseni kuti kamakhala kali pomwepo miyezi ingati pa chaka.

Za madzi akumwa ndingonena mwachidule. Tsegulani mpopi nokha, ndipo mufunse oyandikana nawo kuti madzi amatuluka masiku angati pa sabata ndi nthawi yanji. Migolo ndi zigubu zambiri pakhonde la nyumba iliyonse ndi yankho kale. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Onani kumene kuli chimbudzi ndi kumene kuli chitsime.

Dera lili ndi nkhope ziwiri, ya masana ndi ya usiku, ndipo dobadoba amakuonetsani ya masana. Bwererani Lachisanu cha m'ma 9 koloko usiku. Kanyumba kotseka kamene munakayesa golosale mwina ndi malo omwera mowa, a zokuzira mawu zimene zimalira mpaka tambala woyamba. Aliyense wa mu Lilongwe amadziwa mmene pa Bwandilo, ku Area 47, pamakhalira kumapeto kwa sabata. Koma timalo tating'ono totero tili m'dera lililonse, tina pakati penipeni pa nyumba za anthu. Apa ndiye pamene kuyandikana ndi msika kumafuna nzeru. Nyumba yoyang'anana ndi siteji ili pafupi ndi zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo mnyamata wa Fomu 2 adzadutsa pamenepo kawiri patsiku. Malo abwino kwa banja amakhala misewu iwiri kapena itatu kuseri kwa msikawo, kumene phokoso limafika litatopa koma mwana wotumidwa mchere amabwerako ndiwo zisanapserere.

Buku la Genesis, mutu 13, limasimba za munthu wina amene anasankha malo okhala ali patali. Loti atapatsidwa mwayi wosankha ndi Abramu, anayang'ana chigwa cha Yordano, naona kuti n'chobiriwira ndi cha madzi ambiri, basi n'kusamuka. Zimene anaonazo zinali zoona. Msipu unalipo ndithu. Chimene maso sakanamuuza ndi khalidwe la anthu a mumzinda wa Sodomu umene anakamanga hema pafupi nawo, ndipo amene analipira kwambiri chifukwa cha chisankhocho ndi mkazi wake ndi ana ake aakazi, amene sitimva kuti anafunsidwa maganizo. Akuluakulu athu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Nyererezo munthu amaziona akaibenthula nkhuyuyo ndi manja ake.

Kwa banja lopemphera, mtunda wa kutchalitchi uli ndi kulemera kumene ambiri amakuzindikira mochedwa. Lamulungu m'mawa aliyense angathe kuyesetsa, ngakhale pa minibasi ziwiri. Koma moyo wa mpingo umachitika m'kati mwa sabata: kwaya ya ana Loweruka, kalasi ya ofuna ubatizo, msonkhano wa amayi Lachinayi, umene wochokera ku Sinodi ya Blantyre ankautcha Mvano ndipo ku Nkhoma adzaupeza ukutchedwa Chigwirizano. Zonsezi amapitako ndi amene alibe makiyi a galimoto. Bishopu Patrick Kalilombe, pamene ankalimbikitsa miphakati mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za 1973 mpaka 1975, ganizo lake linali la mabanja oyandikana amene amasonkhana m'nyumba zawo, odziwana mayina ndi mavuto. Mlaga wa a CCAP umayenda chimodzimodzi. Zinthu zimenezi zinamangidwa pa mapazi. Wokhala ku Area 18 pafupi ndi St Patrick's, ku Kawale pafupi ndi Utatu Woyera kapena ku Area 23 pafupi ndi Don Bosco amadziwa kuti mwana angathe kupita yekha kukwaya n'kubwerako kusanade. Ndaona mabanja amene anasamuka ndi kalata ya mpingo ili m'chikwama, n'kukhala nayo momwemo chaka chathunthu, osati chifukwa chikhulupiriro chinazilala, koma chifukwa ulendo uliwonse unkafuna ndalama.

Ndipo tisabisane, tsiku limene mudzafune anansi kwambiri ndi tsiku la zovuta. Maliro akagwa pakhomo la mlendo mumzinda, abale ali ku Thyolo kapena ku Karonga, oyamba kufika ndi amene amva kulira. Iwowo ndiwo amatulutsa mipando, kukoleza moto panja, kukauza amfumu ndi kugona pasiwa. Anthu amenewa sapezeka tsiku lomwelo. Amakhala amene munkapatsana nawo moni panjira ya kumsika, amene mwana wanu ankasewera ndi ana awo. Wolowa ndi kutuluka pa galimoto la magalasi otseka, geti n'kudzitsekera kumbuyo kwake, sapatsa moni aliyense, ngakhale atakhala munthu wabwino mtima chotani.

Ena adzati zonsezi n'zomveka, koma thumba ndilo limalamula, ndipo nyumba za kutali n'zotsika mtengo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu amene amakwera minibasi ziwiri popita kuntchito ndi ziwiri pobwera, masiku 22 pa mwezi, wakwera maulendo 88. Ana awiri okwera imodzi popita ndi imodzi pobwera, masiku 20, awonjezera maulendo 80. Mayi sanapite kumsika, palibe amene wadwala, Lamulungu silinawerengedwe. Chulukitsani maulendo 168 amenewo ndi mtengo wa minibasi wa lero, muphatikize pa lendi yotsika ija, kenaka muyerekeze ndi nyumba ya pafupi imene munaikana kuti ndi yodula. Kumbukiraninso kuti lendi mumagwirizana kamodzi, pamene mtengo wa minibasi umasintha mafuta akangokwera. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse ziwiri oyamba kumva kuwawa anali okwera. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, mu 2011 ndi 2012 komanso m'zaka zaposachedwapa, amene ankafika kuntchito ndi kusukulu pa nthawi yake anali oyenda wapansi.

Chiyeso chachikulu chimabwera kwa amene atopa ndi lendi ndipo akufuna kumanga yawoyawo. Mapuloti otsika mtengo ali kunja kwa mzinda, kunjira ya ku Mchinji, ya ku Bunda, ya ku Salima, kumene dzana kunali minda. Kukhala ndi pako n'chinthu chabwino, ndipo sindingaletse munthu. Koma mangani mukudziwa kuti nyumba imatha msanga kuposa dera. Sukulu, mpopi, magetsi ndi minibasi zingathe kutenga zaka kuti zikupezeni, ndipo zaka zimenezo ndi zomwezo zimene ana anu ali aang'ono. Mabanja ena amamanga, n'kuikamo wina wa lendi, iwo n'kukhalabe pafupi ndi sukulu mpaka wotsiriza atalemba mayeso a Sitandade 8. Ena amalowamo nthawi yomweyo ndipo amapirira. Chofunika n'chakuti chisankhocho chipangidwe ndi onse amene adzayende mtundawo. Musanapereke ndalama, fufuzaninso kuti malowo ndi a yani kwenikweni, poti mu Lilongwe ena ali m'manja mwa unduna wa za malo, ena khonsolo ya mzinda, ena Malawi Housing Corporation, ndipo ena amagulitsidwa kudzera kwa mafumu. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo m'makhoti athu.

Ngati n'kotheka, musapite nokha kokaona nyumba. Ndalama ya basi ya mayi kuchokera ku Blantyre ndi yochepa poyerekeza ndi lendi ya miyezi itatu imene simudzabwezeredwa. Mayi adzaona zimene bambo saona: poyanika zovala, potaya zinyalala, mtengo wa makala, kutalika kwa chigayo. Mwana wamkulu naye ali ndi maso ake. Ndipo ngati nthawi yakuthinani, n'kwabwino kuti wosamutsidwayo apirire mwezi umodzi m'kachipinda kamodzi, banja litsale kaye kumene lili mpaka teremu ithe, kusiyana n'kuwakokera onse m'nyumba yosankhidwa Loweruka limodzi masana.

Pomaliza pa kuyenda kwanuko, dobadoba atapita, imani pa benchi ya mayi wogulitsa matimati pakona ya msewuwo. Gulani mulu umodzi, mupereke moni wonse bwinobwino, kenaka mufunse. Iye amakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chaka ndi chaka, ndipo alibe chimene apindule mukailowa nyumbayo kapena mukaisiya. Adzakuuzani kuti ana a mumsewuwo amaphunzira kuti, kuti madzi anasiya liti, kuti akuba anathyola nyumba iti mwezi wathawu, kuti minibasi yomaliza imadutsa nthawi yanji. Mufunseninso kuti amene ankakhala m'nyumbayo anakhalamo nthawi yaitali bwanji, ndipo anachokeranji.